Waya wa Buleki

Mirrabooka, Perth
19 Epulo 2020

Okondedwa amake Mwawi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine kuno ndadzuka, kachifuwa ndinkakuuzani kaja kanali ka fumbi chabe. Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kujambula ndi foni. Positi siikuyenda, ndipo pafoni mukudziwa mmene timachitira: inu kukwera pachulu cha kuseri kwa sukulu kusaka netiweki, ine kukuwa ngati ndikuitana ng'ombe, Obby wa ku Zambia amene ndimakhala naye nyumba imodzi ali phee kumvetsera zonse. Papepala ndiye ndingathe kulankhula ngati mwamuna wanu.

Atseka malire chifukwa cha mliriwu, Gladness. Ndege sizikutera, ndipo ngakhale mzungu wa ku Sydney sakulowa kuno popanda chilolezo. Ulendo wanga wa mu Juni wodzakuonani wafera m'mazira. Ku koleji akuti tiziphunzira pa kompyuta. Tandiuzani inu aphunzitsi, munthu angaphunzire kudula chitsulo poyang'ana kanema? Ntchito yotsuka mbale ija inatha tsiku limodzi, anangotipatsa tsalani bwino pakhomo.

Koma Mulungu sagona. Kuseri kwa mashopu akuluakulu a ku Morley kuli kashopu ka nkhalamba ina yachizungu, a Jameson, okonza marilu. Rilu ndi kamakina komangirira kundodo ya mbedza, kokulungira chingwe. Kali ndi handulo yopukusa, ndipo mkati muli magiya, maberingi ndi timasipuling'i tating'ono ngati nsidze. Kuno nsomba za m'nyanja yamchere zina zimalemera kuposa thumba la feteleza, ndiye makinawo amatopa. Ndinalowa n'kuwauza kuti kwathu ku Ntcheu ndakonza makina osokera zaka khumi ndi ziwiri pakhonde la sitolo. Sanandifunse satifiketi. Anandikhuthulira rilu yomasulamasula m'mbale n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera anaipeza ikuzungulira. Anaipukusa pafupi ndi khutu, n'kunena kuti ndibwere Lolemba.

Ndiye mwamuna wanu, amene nsomba ankaidziwira pamsika itauma kale, lero ndi dokotala wa asodzi. Sekani, ndikudziwa mukuseka.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa achemwali anga a Tayamika amene ndili nawo kunowa. Gulani matumba a chimanga panopa anthu akukolola, musadikire Ogasiti. Poti sukulu atseka, Mwawi asamangoyendayenda m'makomo mwa anthu. Cholinga chathu sichinasinthe: ndimalize maphunziro, ndipeze bwana wondisayinira mapepala, inu ndi mwana mubwere kuno. Chaka ndi miyezi iwiri ndisanakuoneni chandikwana.

Ndine wanu,
Overton


23 Ogasiti 2020

Amake Mwawi,

Moni kumeneko. Ndamva kuti malungo anakugwetsani sabata yatha, mumalize mankhwala onse, musasiyire panjira monga mwa chizolowezi chanu. Ine ndili gwa.

Ntchito yachuluka moti tikusowa poika phazi. Azungu akuno atsekeredwa ngati ife tomwe, ndiye ndalama zimene akanakadyera kunja agulira maboti. Aliyense wafukula rilu ya agogo ake m'galaja n'kubwera nayo kwa ife. Zina zimabwera zitauma gwa ndi mchere, ukatsegula mkati muli poyera ngati muthira ufa. Ndimatsuka, kusintha maberingi, kupaka girizi. Ena amafuna handulo yaitali, ena mtundu wofiira kuti anzawo aone. Ndalama ikakhalapo munthu sasowa chodandaula.

Vuto ndi masipeya. Amachokera ku Japan, ndipo sakubwera. Marilu anadzaza mashelefu atatu kudikira kasipuling'i kamodzikamodzi, makamaka kamene kamakankha kachitsulo kotsekereza handulo kuti isabwerere m'mbuyo nsomba ikakoka, monga zimakhalira mu filiwilo ya njinga. A Jameson ankangogwira m'chiuno n'kumapepesa makasitomala. Ine zinkandinyansa. Malemu bambo akanadikira sipeya ya ku Japan, telala wa ku Ntcheu akanasoka ndi chiyani?

Tsono kuno kuli mwambo wodabwitsa. Pa nyengo yake anthu amatulutsa katundu amene atopa naye n'kumuunjika m'mbali mwa msewu kuti atengedwe ndi lole. Mipando, mafiriji, njinga zabwinobwino. Mukanaona mukanalira. Ine ndinadula mawaya a mabuleki a njinga zingapo, n'kumasula tingwe take tating'ono tija. Ndi pulayazi ndi msomali ndinapinda kasipuling'i koyamba pa nthawi ya nkhomaliro. Kanalowa ngati kobadwira momwemo. Pofika lero mashelefu awiri ayera, ndipo ndikuganiza kuti ndadutsa makumi asanu ndi atatu.

A Jameson akuganiza kuti ndikutola m'bokosi la marilu akufa limene lili pansi pa tebulo. Ndawasiya aganize choncho. Bambo ankati mmisiri saphika mankhwala ake pabwalo, ukaonetsa bwana nzeru zako zonse mawa sakufunanso. Pa tikiti ya kasitomala amalemba okha kuti yakonzedwa, basi. Dzana anandigwira paphewa n'kuuza kasitomala kuti alibe mwana wamwamuna koma akanakonda manja ngati awa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, Gladness. Ndinanyada, sindikubisirani.

Zoti mugule mbuzi ziwiri ndavomera, koma zikakhale kwa alamu a Frackson ku boma, osati pasukulu pomwe zizikadya maluwa a ahedi. Nsapato za Mwawi mugule zokulirapo.

Wanu,
Overton


14 Febuluwale 2021

Okondedwa Gladness,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu chifukwa foni ikangolira masiku ano mtima umandithawa. Mwezi wathawu pagulu lathu la a Malawi kuno panalibe tsiku lopanda uthenga wa maliro a kumudzi. Achemwali a Tayamika, namwino wathunthu wosamalira odwala achizungu, anaonera maliro a apongozi awo pafoni atakhala m'galimoto panja pa chipatala. Chonde valani chotseka pakamwa ngakhale anzanu akusekeni. Kumaliro pitani, koma musagone m'nyumba ya siwa.

Ife anatitsekera masiku asanu okha chifukwa cha munthu mmodzi amene anapezeka ndi matendawa. Mmodzi. Ndinachita manyazi kudandaula.

Tsopano khalani pansi. Lachisanu a Jameson anatseka shopu msanga n'kundiuza kuti ndikamaliza koleji mu Disembala adzandisayinira mapepala a ntchito, ndipo mapepalawo amalowetsa mkazi ndi mwana. Analankhula kale ndi loya woona za anthu obwera. Akuti ali ndi zaka 71, maso ayamba kuwanamiza, akufuna munthu woti azikhala pa tebulo iwo azicheza ndi makasitomala. Ndinafuna kuwagwadira koma kuno sachita zimenezo, ndiye ndinangoti zikomo kasanu. M'basi yobwerera ku Mirrabooka ndinkamwetulira ndekha mpaka mayi wina anasamuka mpando.

Yambani za mapasipoti, anu ndi a Mwawi. Mzere wake mukuudziwa, pitani ndi kamba. Musauze anthu ambiri, ngakhale ku kwaya. Ntchito musasiye kaye, ndidzakuuzani ine nthawi yake ikakwana.

Mumuuze Mwawi kuti ana a azakhali ake kuno ukawalankhula Chichewa amayankha Chizungu cha m'mphuno, ndiye alimbikire kuwerenga asadzamudyere masuku pamutu.

Ndine bambo ake a Mwawi.


16 Meyi 2021

Amake Mwawi,

Ndathokoza kumva kuti nonse muli bwino ndipo mapasipoti munajambulitsa. Ine ndiliko, kungoti kwayamba kuzizira ndipo tulo sindikuliona bwino.

Mwadandaula kuti Lamulungu lapita pafoni ndinkangoti eya, eya. Pepani. Panali kanthu kakang'ono kuntchito. Rilu ina imene ndinakonza chaka chatha inabwerera, mwini wake akuti handulo ikumabwerera m'mbuyo. Nditatsegula, pamene ndinaika kasipuling'i kanga panali fumbi lofiira lokhalokha, ngati fodya wa mphuno. Dzimbiri linadya konse. Ndinapukuta msanga a Jameson ali pafoni.

Ine ndinkayesa girizi ateteza, poti makina osokera a kwathu amakhala zaka makumi awiri ndi waya yemweyo. Madzi a m'nyanja iyi ndi ena, Gladness. Amalowa paliponse, ndipo chitsulo wamba amachidya ngati chiswe. Zonse za mu rilu zimayenera kukhala za chitsulo chosagwira dzimbiri. Chondipweteka kwambiri n'chakuti waya wotero ali m'shopu momwemo, wapachikidwa pakhoma kumbuyo kwanga, asodzi amagula kuti nsomba za mano zisadule chingwe. Chaka chathunthu ndakhala ndikumuyang'ana. Safunsa anadya phula. Ndapinda kena ndi waya ameneyo, rilu yapita, mwini wake wasangalala. Nkhani yatha, musaiganizire.

Za denga la nyumba ya sukulu limene likudontha, musawonongepo ndalama zambiri, nyumba ndi ya boma ndipo simukhalamo nthawi yaitali. Ikani pulasitiki. Shuga mwati wakwera, kuno tomato mmodzi mtengo wake mungagulire mulu wonse pa Tsangano.

Kodi buku la nyimbo la bambo lija lili m'sutikesi yobiriwira? Mundijambulireko nyimbo imene ankaimba akalakwitsa ntchito ya munthu, mutu wake ndaiwala.

Wanu,
Overton


10 Okutobala 2021

Gladness mkazi wanga,

Moni. Mwawi ndamuona pachithunzi, watalika ngati bango, mano akutsogolo aja anamera liti? Inu mukuoneka kuti mwatsika thupi. Ine ndili bwino.

Kalata yanu yandipweteka, koma mwina ndi ine ndinaiputa. Achemwali a Tayamika akuuzani zoona kuti kutchalitchi sindikuonekako ndipo ku Ellenbrook kwawo ndatha miyezi itatu osapondako. Koma zoti pali mkazi, ayi. Ndi nkhope iti, ndi nthawi iti? Mkazi wake angakonde munthu wonunkha girizi ndi nyambo?

Lamulungu lililonse ndimakwera mabasi awiri kupita ku Hillarys, kudoko kumene anthu amatsitsira maboti m'madzi. Ndimanyamula kachikwama ka zida. Ndikaona rilu yokhala ndi kapepala ka shopu yathu ndimapempha mwini wake kuti ndiitsegule ndiione, ulere. Taganizani munthu wakuda wovala jekete la kutchalitchi, sikuludiraiva m'manja, akuyang'anitsitsa katundu wa m'boti la eni. Ena amavomera, ena amaseka, ena amakokera ndodo zawo kufupi. Wina anandiitanira mlonda, ndinachita kuonetsa khadi la koleji. Ndikapeza ziwiri pa tsiku ndiye kuti ndachita mwayi. Ambiri sabwera padoko limeneli, ena ali kutali kumpoto, ulendo wa masiku awiri pagalimoto.

Obby amandiseka. Akuti, "Iwe mudala, ma reel ya bazungu yakudyesa chani? Sunday ni ya Mulungu na kuchapa." Ndimangomuyankha kuti ndikufuna dzina la shopu likhale labwino pofika nthawi ya mapepala. Inunso ndikuyankhani chomwecho. Rilu zina zabwereranso kushopu zokha, zisanu ndi imodzi, zonse ndinazilandira ndine a Jameson asanazigwire.

Pali masiku ena ndimafika m'mawa nditakonzeka kuti ndikhale nawo pansi tikambirane. Ndiye amandilandira ndi kapu ya tiyi, n'kuyamba kufunsa kuti Mwawi amakonda chiyani, kuti ali ndi kanjinga ka mdzukulu wawo m'galaja. Ndimangomwa tiyiyo n'kuyamba ntchito.

Mbuzi imene yaswa ija musagulitse mwana wake panopa. Feteleza chaka chino gulani thumba limodzi lokha, munda wa kudambo muwabwereke alamu a Frackson alime.

Musandikayikire, chonde. Ndili ndi zokwanira kale.

Overton


19 Disembala 2021

Okondedwa amake Mwawi,

Tili bwino, ndipo lero ndilemba mwachidule. Koleji ndamaliza, ndakhoza. Boma la kuno lalengeza kuti litsegula malire pa 5 Febuluwale. Loya wa a Jameson akuti mapepala akhala okonzeka kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo asayina pepala langa la sukulu, limene limandilola kukhala kuno, lisanathe mu Meyi.

Nthawi ija yakwana. Kaperekeni kalata yosiya ntchito teremu isanayambe, kuti ahedi apeze wina wa Sitandade 4. Nyumba mutuluke bwinobwino, musiye mutasesa. Mbuzi gulitsani zonse, bedi ndi kabati zomwe. Makina anga osokera mupatse alamu a Frackson, ndipo mukhale kwa iwo mpaka tsiku la ulendo. Musanyamule mabulangete, kuno aliko. Nyamulani chipande chanu ndi mthiko, za kuno n'zopanda pake.

Mwati Mwawi watsanzika kale kalasi yonse mpaka wophika phala. Mwana wa bambo ake, pakamwa sipatsekeka. Musiyeni asangalale.

Mwezi uno sikunabwerere rilu ina iliyonse. Mwina zatha. Mundipempherere kuti zikhale kuti zatha.

Wanu amene akuwerenga masiku,
Overton


24 Febuluwale 2022

Gladness,

Ndikhulupirira muli moyo ndipo mvula ya mkuntho ija sinawononge kwa alamu. Ine m'thupi ndilibe chovuta. Muwerenge kalatayi muli nokha.

Zoti anasintha tsiku lotsegula malire mukudziwa, tsopano akuti pa 3 Malichi. Si zimene zandisowetsa mtendere. Ndakhala ndikukupatsani nkhani theka, lero ndikupatsani yonse.

Timasipuling'i ta waya wa buleki tija ndinapanga tokwana 140, mwina kupitirira, kuyambira Meyi chaka cha 2020 mpaka tsiku limene rilu yoyamba inabwerera. Sindinalembe paliponse kuti ndaika mu rilu iti. Ku Hillarys ndi kushopu ndasintha 31. Tina tonse tili m'manja mwa anthu, tikudyeka pang'onopang'ono, ndipo eni ake sakudziwa.

Loweruka lapitalo bambo wina womanga nyumba anapita panyanja ndi anzake. Anakola chinsomba chachikulu, ndipo chili mkati mokoka, kachitsulo kotsekereza kanalephera. Handulo inabwerera m'mbuyo ndi mphamvu yonse ya nsombayo n'kumuthyola zala ziwiri ndi fupa la padzanja. Dzanja lamanja. Amuika zitsulo kuchipatala, akuti miyezi inayi osagwira njerwa, ndipo chala chimodzi mwina sichidzapindikanso. Ali ndi ana atatu. Mkazi wake ndi amene anabweretsa rilu Lachiwiri. Ine ndinali nditapita kukagula mafuta otsukira, ndiye anaitsegula a Jameson.

Nditabwera ndinawapeza atakhala, fumbi lofiira lili pachala. Ndinati basi, lero ndagwidwa. Koma iwo anati, "Ndi ine, Overton. Chaka chija ndinkatola zinthu m'bokosi osaziona bwino. Ndaika chinyalala mu rilu ya munthu." Tikiti ndi ya dzanja lawo, monga matikiti onse. Nkhalamba ija inalira pamaso panga. Dzulo apita okha kukapepesa kunyumba kwa bamboyo. Akuti ichi ndi chizindikiro choti asagwirenso sikuludiraiva, ndipo mwayi wawo ndi woti ine ndilipo. Mapepala asayina Lolemba pa 28.

Ndiye onani pamene ndaima. Ndikakhala chete, Lolemba asayina, mwezi wa mawa kapena winawo mukwera ndege. Ndikalankhula, sindikuona bwana amene angasayinire munthu wotere, ndipo inu ndakutulutsani kale pantchito ndi m'nyumba. Ndinayenera kukuuzani mu Meyi. Ndinayenera kukuuzani mu Disembala musanapereke kalata ija. Ndinkaopa, ndipo ndinkayembekeza kuti zingozimiririka zokha.

Sindikudya. Achemwali sindinawauze, Obby sindinamuuze. Ndilibe nzeru ina, zanga zija ndi zimene zatifikitsa pano. Ndiuzeni chochita, ndichita chimene munene.

Overton


6 Malichi 2022

Amake Mwawi,

Ndikupemphera kuti muli bwino, inu ndi mwana. Ndakhala sabata osayankha mafoni anu, ndipo mukudziwa kale kuti munthu akatero ndiye kuti zinthu sizili bwino.

Yankho lanu ndinalilandira Loweruka pa 26. Munati ndikhale chete. Munati a Jameson ndi nkhalamba ya kwawo, palibe angawathamangitse m'dziko, pamene inu mukugona pabalaza pa achimwene anu ndi masutikesi awiri, ndipo malo anu kusukulu alowapo kale wina. Munati ndinakhala chete miyezi khumi chifukwa cha mantha anga, ndingalephere bwanji tsiku limodzi chifukwa cha mwana wanga. Palibe mawu amodzi amene munalakwitsa. Ndinavomera mumtima, ndipo Lolemba ndinapita nditavala shati yoyera ndili wotsimikiza kutseka pakamwa.

Mapepala anali patebulo, cholembera chili pamwamba. A Jameson anali atapezako mphamvu. Anati aganiza bwino usiku wonse, ndipo chowatonthoza n'chakuti ndi rilu imodzi yokha, tsoka la tsiku limodzi, palibe chifukwa choopsezera makasitomala ena. Anati nyengo yozizira ikubwera, anthu onse apita kumpoto kukakoka zinsomba zikuluzikulu, tikonzekere ntchito. Anatenga cholembera.

Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Si imodzi, bwana."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinawauza zonse, za njinga za m'mbali mwa msewu, za pulayazi ndi msomali, za ku Hillarys. Sanandidule mawu.

"Zingati zatsala?"

"Kupitirira zana. Sindikudziwa kuti ndi ziti."

"Unadziwa liti?"

"Mu Meyi."

Sanakalipe, Gladness. Bola akanakalipa. Anaika cholembera m'thumba la shati, mapepala n'kuwabwezera mu envelopu. Anati waya akanandikhululukira tsiku lomwelo, iwonso analakwitsapo zambiri pa moyo wawo, koma ndinawasiya apite kukagwada kunyumba ya munthu ndi mlandu umene si wawo. Kenako analowa kuchipinda cha kumbuyo n'kutulutsa makatoni atatu a matikiti, kuyambira Meyi 2020 mpaka Meyi 2021, n'kundiikira foni patsogolo.

Ndi ntchito imene ndikugwira tsopano. Matikiti alipo oposa mazana asanu ndi awiri, ndipo aliyense ndikumuimbira ndekha, kutchula dzina langa, kumuuza kuti asapite panyanja ndi rilu yake tisanaitsegule. Ena amathokoza, ena amatukwana, manambala ena sakugwiranso. Akuti ndikhale mpaka tikiti yomaliza, andilipira masiku onsewo. Za kupitirira apo sananene, ndipo loya wawauza kuti asasayine kanthu nkhani ya wovulala uja ili mkati. Envelopu ija sindinaionenso. Achemwali a Tayamika akufunsafunsa kwa anzawo ngati pali bwana wina, koma pepala langa likutha pa 20 Meyi, ndipo bwana aliyense amayamba wafunsa kumene unkagwira.

Lachinayi malire anatsegulidwa. Obby anapita kubwalo la ndege kukalandira mkazi wake, ndipo panopa ali kukhitchini akuseka. Ndawapatsa moni, ndabwerera kuchipinda.

Ndinakulonjezani kuti ndichita chimene munene, ndipo sindinachite. Sindikupemphani kuti mundimvetse. Mupite kwa ahedi ndi ku ofesi ya maphunziro ku boma, mukafunse ngati kalata yosiya ntchito ingabwezedwe, ngakhale akutumizeni sukulu ya kutali. Alamu muwauze kuti makina osokera asagulitse. Munda wa kudambo chaka chino wapita, tidzaona chaka cha mawa.

Mwawi musamuuze ndinu, mwasenza zokwanira. Lamulungu likubwerali mukatuluka m'tchalitchi mumupatse foni, inu mutalikire pang'ono. Ndimuuza ndekha. Ndayeserera kale kangapo pano, ndipo nthawi zonse ndikumathera pa moni.

Ndine mwamuna wanu,
Overton